Tsiku Limene Chitsulo cha Atate Chinaleka Kulira

Fungo la mphira wakupsa pa Boma lero landikumbutsa chipala cha atate ku Kapelula. Chitsulo chawo chosulirapo makasu chinkalira mogonthetsa m'khutu, choncho tsiku lina anachikulunga ndi machubu a njinga n'kuchikhazika pamchenga. Atamenya nyundo, chinangoti phi.

Pamenepo tinamva kulira kuseri kwa chigafa cha fodya. Atate anathamangirako atapana khasu lofiira ndi moto pambaniro, ine pambuyo pawo. Tinapeza alamu atagwetsa achemwali anga pansi, lamba ali m'manja.

"Zayamba liti izi?" anafunsa atate.

"Kalekale, atate. Amadikira muyambe kusula," anayankha achemwali, magazi ali m'kamwa.

Atate anakanikiza khasulo padzanja logwira lambalo. Alamu anakuwa mpaka agalu anathawa.