Chifuwa cha Bulaki

Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene anawakweza ababa pa njinga kupita nawo kuchipatala ku Nguludi. Kunali chiperoni. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse, ndipo bulangeti limene anawafunditsa linkanunkha utsi ndi palafini. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Njinga isananyamuke, ababa anandikodola. "Esinati, Bulaki ndakusiyira iwe. Ndidzamupeze wonenepa."

Bulaki anali galu wawo, wofiirira ngakhale dzina linali limenelo, wa khutu limodzi lothyoka. Amayi anapita nawo kukawadikirira kuchipatalako. Ine anandisiya kwa amayi aakulu, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yathu.

Patangopita masiku atatu galu uja anayamba kutsokomola. Ankatambasula khosi ngati wameza fupa, nthiti zikukoka, koma osatuluka kanthu. Mamina anauma pamphuno pake, m'maso muli manthongo. Anasiya kuthamangitsa nkhuku. Ankangogona pansi pa nkhokwe, ndipo ndikagunditsa khutu m'nthiti mwake ndinkamva kalikhweru komwe kaja ndinkakamva pachifuwa pa ababa akandinyamula.

Ndinachita zimene ndinaona amayi akuwachitira ababa. Ndinkathyola masamba a bulugamu ndi a mandimu, kuwawiritsa m'chitini, n'kulowa naye galuyo pansi pa chiguduli kuti apume nthunzi. Tinkatulukamo tonse titanyowa, ine maso akuwawa. Mphuno ndinkamupukuta ndi kansanza koviika m'madzi ofunda. Phala langa la mgaiwa ndinkaligawa pawiri, n'kumunyambititsa pa zala.

Tsiku lina amayi aakulu anandipeza ndikutuluka m'chigudulimo. "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukuchitachi? Galu akadwala mwini wake ali gone, ndiye kuti wamusenzera matenda. Musiye apite nawo. Ukamuchiritsa, chifuwacho chibwerera kwa ndani?"

Sanandimenye. Ananena mofatsa, n'kukhala pansi kupitiriza kutongola chimanga.

Kuyambira pamenepo mutu wanga unaima. Ababa anati ndimusamale. Amayi aakulu akuti ndikamusamala ndiwapha ababa. Onse anali akuluakulu, ndipo ndinali ndisanamvepo wamkulu akunama. Amayi anga, amene akanandiuza zoona, anali kutali. Ndiye ndinkachita zonse ziwiri, lero kumupatsa phala, mawa kumumana. Tsiku lomumana ndinkazungulira njira ya kuchimbudzi kuti asandione, koma ankamva mapazi anga n'kumenya mchira pansi, kafumbi kali kobo. Nthawi zina ndinkaima pakati pa bwalo mbale ili m'manja mpaka phala kuzizira. Kutchalitchi ndinkagwada ngati anzanga, koma osadziwa chopempha, kuti galu afe kapena achire.

Sabata yachitatu ndinalimba mtima n'kumumana masiku awiri otsatizana. Kutacha ndinamupeza akulephera kudzutsa mutu, lilime litauma, ntchentche zikutera m'maso iye osaphethira. Sindinaganizenso za ababa. Ndinatenga dzira pamene nkhuku ya amayi aakulu inkaikira, kuliswera m'phala, n'kumutsegula kukamwa ndi zala zanga. Tsiku limenelo ndinamufukiza katatu, ndipo sindinamumanenso.

Bulaki anachira. Pofika kumapeto kwa Julayi anali akuuwanso njinga zodutsa pamsewu. Sabata yomweyo galimoto inaima pamsewupo, amayi anatsika akulira, anthu n'kutsitsa bokosi.

Pa maliro palibe ananenapo za galu. Iye ankangoyendayenda pakati pa miyendo ya anthu, akununkhiza. Amayi aakulu anandisambitsa n'kundiveka diresi ya kutchalitchi, osandiyang'ana moipa ngakhale kamodzi. Zimenezi ndi zimene zinandisokoneza kwambiri. Ndinkadikira kuti wina andiitanire kuseri andifunse, koma palibe anafunsa. Ndinakula nazo, kusiya sukulu nazo, kukwatiwa nazo, osauza munthu, ngakhale amayi.

Chaka chatha amuna anga anadwala chifuwa chachikulu, chomwe chija cha ababa. Pakhomo pathu panalibe galu, ngakhale mphaka. Ndinawadikirira m'chipatala, mankhwala osadumpha tsiku, koma anapitabe. Adokotala anati tinabwera mochedwa. Ndili pabenchi kudikira kalata ya maliro, ndinangodzimva ndikuwafunsa ngati galu angasenze matenda a munthu. Sanaseke. Nditawafotokozera za Bulaki, anati chifuwa cha galu uja chinali china, cha ababa china, ndipo sizikanasinthana.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti moyo wa ababa unali m'manja mwanga, ndipo ndinasankha galu. Tsopano ndikudziwa kuti panalibe chosankha, komanso kuti amayi aakulu ananena zija chifukwa nawonso analibe china chowachitira alamu awo. Mutu ukudziwa zimenezi, ngakhale masiku ena mtima umatsalira m'mbuyo. Panopa ndimalima dimba langa la mpiru ndi tomato, ndikulera adzukulu awiri. Mmodzi akayamba kutsokomola sindifunsa munthu, ndimamubereka kupita naye kuchipatala ku Ndunde.