Amayi anga anayera atamwalira

Lolemba lapitali ndinapita pa Chintheche kukatenga chithunzi cha malemu amayi anga. Anandipatsa cha mzimayi wina.

Ndifotokoze bwino. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza cha amayi kumanda a kwathu, kumtunda kwa Bandawe. Pabanja tinagwirizana kuti pachilizapo pakhale nkhope yawo, ija amaisindikiza pa kambale kolimba n'kumata ndi simenti. Chithunzi chooneka bwino tinali nacho chimodzi chokha: amayi ataima pakhomo la tchalitchi, atavala bulauzi ndi duku loyera la amayi a mumpingo. Ndinachisiya kwa Ada Mhone, bambo wojambula zithunzi pamsika paja, kuti achikulitse papepala tichione kaye chisanapite ku Mzuzu kukaikidwa pa kambaleko.

Lolemba lija, nditatsegula envelopu ndinaibweza.

"Ada, mwandipatsa cha eni ake."

"Ayi, ndi ama anu omwewo," anatero Ada Mhone. "Ndangowatsuka pang'ono."

"Anali ndi litsiro?"

"Osati litsiro. Kuwala kunachepa."

Chithunzicho chinajambulidwa masana, dzuwa lili paliwombo. Kuwala sikunachepe. Amayi anga anali akuda. Osati oderako, ayi. Akuda bii, khungu losalala ngati mwala wonyowa. Mzimayi wa papepalayo anali wofiirira ngati aja owerenga nkhani pa kanema. Duku linali lawo, mpata wa mano unali wawo, koma munthuyo sindinamuonepo chibadwire.

Ada Mhone sanaone vuto, ndipo ndi munthu waulemu, mkulu wa mpingo.

"Chiyambire ntchito imeneyi palibe anabwezapo," anandiuza modekha. "A ukwati amachita kupempha. A maliro sapempha, koma amathokoza."

Ndinanyamula chithunzicho kukaonetsa abale.

Woyamba kuchiona anali achemwali anga, a Rhoda, amene amagwira ntchito pa loji ina ku Kande. Anachiika pachifuwa.

"Ama aoneka bwino bwanji! Ngati anapumako."

Kenako ine ndi a Rhoda tinapita nacho kwa amayi aang'ono, a Nyachirwa, mng'ono wa malemuwo, amene khungu lawo ndi la amayi lenileni. Tinawapeza akuyanika chinangwa pathandala. Anapukuta manja, anachitalikitsa, anachiyandikitsa.

"Mzimayi wabwino. Ngwakuti?"

"Ndi akulu anu, ama."

Anachiyang'ananso n'kunena kuti, "Ndiye imfa yawayanja. Sopo analephera moyo wonse."

Palibe anaseka, chifukwa iwo sanaseke.

"Ine ndikadzafa musadzanditsuke kawiri," anapitiriza. "Kamodzi ka amayi a mumpingo kadzakwana."

Ndipo anatiuza nkhani imene ine, mwana wachisamba wa malemuwo, wa imvi kale, sindinkaidziwa. Amayi ali mtsikana anakafunsira ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja muno. Ankafuna yoperekera zakudya kwa alendo, chifukwa Chingerezi ankachitha, anaphunzira ku mishoni. Kapitawo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Iwe alendo azidzangoona mano okha." Anawatumiza kuseri, kochapira. Kumeneko anakhala zaka zambirimbiri akuyeretsa nsalu za pabedi. Ife tinakula tikudziwa kuti amayi ndi ochapa. Sitinkadziwa kuti anafunsira ina.

"Kapitawoyo anali mzungu?" ndinafunsa.

"Mzungu wa kuti? Munthu ngati iwe."

A Rhoda anati masiku ano palibe angayankhule choncho. "Amangoti kalata yofunsira ntchito ibwere ndi chithunzi."

Tsono, awerengi anga, nkhani ya tsankho la khungu timaikonda ikakhala ya anthu ena. Timaikamba bwino ikakhala ya atsamunda, kapena ya mlonda wa pageti amene amatsegulira mzungu wosavala nsapato n'kufunsa Mmalawi wa tayi kuti akufuna ndani. Zimenezo zilipo, ndakumana nazo, ndipo ndinakwiya mokwanira. Koma atsamunda anapita kalekale. Amene tinatsala tikugwira ntchito yawo mosatumidwa. Paja madzi saiwala khwawa.

Mwana akabadwa timathamangira kuyang'ana makutu, kuti tidziwe adzada mpaka pati. Akakhala ofiira timati wadalitsika. Mnyamata akabwera ndi mkazi woti akwatire, lipoti loyamba kumudzi ndi lakuti "ndi woyera bwanji," khalidwe tidzafunsa pambuyo. Pamsika pali mafuta oyeretsa khungu, ndipo amayenda malonda. Nkhope imavomera, koma mfundo za zala zimakana, ndiye munthu mmodzi amayenda ndi mitundu iwiri ngati bwato lopentedwa theka.

Ngakhale chilankhulo chimene ndikulembachi sichitithandiza. Malaya akachita litsiro timati ada. Munthu woipa timati ndi wakuda mtima. Kuipidwa ndi munthu timati kumuda. Koma chaukhondo n'choyera, chopatulika n'choyera. Mwana wakuda amamva mawu amenewa tsiku ndi tsiku, kunyumba ndi kutchalitchi komwe. Tikuganiza kuti amawamva bwanji?

Zonsezi ndinaziganiza panjira Lachitatu, ndikubwerera kwa Ada Mhone. Ndinali nditakonza ulaliki wonse. Ndinalowa ndi mtima wa munthu amene ali kumbali yolondola.

Iwo sanatsutse. Anandikokera mpando pafupi ndi kompyuta n'kutsegula chithunzicho. Pansi pake panali kamzere kokhala ndi kadontho. Akakokera kadonthoko kumanja amayi ankayera, akakokera kumanzere ankada.

"Ndiziwadetsa pang'onopang'ono," anatero. "Mukawaona ama anu munene kuti basi."

Anayamba. Mzimayi wachilendo uja anazimiririka. Masaya a amayi anabwera, chipumi chinabwera, maso aja ankatiyang'ana tikachedwa kunyanja anabwera.

"Basi," ndinatero. "Ndi amenewo."

"Mwatsimikiza?"

"Amayi anga ndingawasokoneze?"

Ada Mhone anatsegula kabati, anatulutsa chithunzi chenicheni chimene ndinawasiyira, n'kuchigwira pambali pa kompyuta.

Ndinali nditaimitsa msanga. Osati kwambiri, koma msanga. Amayi a pakompyuta anali oyererako kuposa amayi a m'dzanja la Ada Mhone. Ine amene ndinayamwa bere lawo, ine wa ulaliki uja, nditapatsidwa mpata wosankha ndinawachotserako pang'ono. Ndipo sindinadziwe kuti ndikutero. Ndinangoona kuti pamenepo akuoneka bwino.

"Musadandaule," anatero Ada Mhone. "Inu mwayesetsa. Ambiri amaimitsa kutali."

Ndinayesa kunena kuti galasi la kompyuta limanyenga maso. Iwo anavomera mwaulemu, mmene timavomerera munthu wodwala akati akupezako bwino.

"Bwezerani mmene chinalili," ndinatero. "Musachotse kanthu, musaonjezere kanthu."

"Pa kambale adzaoneka akuda kwambiri."

"Anali akuda kwambiri."

Anadina kamodzi, amayi anabwerera. Ntchito yonseyo sinatenge ngakhale mphindi.

A Rhoda sanakondwe, akuti anthu adzati tinasankha wojambula wosadziwa ntchito. Amalume akuti iwo alibe mbali, bola dzina lilembedwe molondola. Chithunzi chapita ku Mzuzu dzulo, chakuda chomwecho.

Tsopano inuyo, musanamuweruze wojambulayo kapena ine, tsegulani foni yanu. Yang'anani chithunzi chimene munaika kuti anthu azikuonerani, kenako muyang'ane dzanja limene lagwira foniyo. Tsiku lina mdzukulu wanu adzabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akumuseka kuda, n'kufunsa kuti khungu limeneli anatengera ndani. Mudzamusiyira chithunzi chiti choti aloze?