Theche Limene Achimwene Ankawakha

Chaka chimene nyumba ya vidiyo inatsegulidwa pa Mtakataka, ana onse a kwathu tinapenga misala ya kalate. Jenereta ikangolira, mabenchi adzaza kale, thukuta ndi fumbi zokhazokha, maso onse ali pa kanema. Potuluka m'menemo aliyense ankadziona katswiri. Mbuzi, nthochi za eni ake, zitseko za zimbudzi, zonse zinalawa matheche athu.

Ine ndinali mtsikana, inde, koma musandiderere. Miyendo yanga inali italiitali ngati ya kakowa, ndipo theche langa linkafika pamene anyamata a msinkhu wanga sankafika. Lamulo loletsa akazi kuvala buluku linali litachotsedwa kalekale, koma uthengawo unali usanawapeze amayi anga. Choncho ndinkavala buluku lakale la achimwene mkati mwa chitenje, n'kulipinda mpaka m'mawondo kuti lisaonekere.

M'mimba mwa amayi tinabadwamo awiri, achimwenewo ndi ine. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndiye achimwene ndiwo anali zonse. Kuchigayo ankandiperekeza, kumsika ankandiperekeza, malungo akandigwira ankandikweza panjinga mpaka kuchipatala ku Mua, ine nditawakakamira m'chiuno. Koma nthawi imeneyi anali atapeza mbeta cha ku Bwanje. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo mwa mwambo wathu mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Nkhaniyi ikamakambidwa ine ndinkatuluka panja, chifukwa inkandiwawa.

Tsiku lina masana ndinkachokera kuchigayo ndekha, mpunga wopuntha uli pamutu. Panjira yathu panali malo ena a malambe okhaokha, opanda nyumba. Pamenepo panatulukira bambo wina, fungo la kachasu lili patsogolo, n'kundigwira chitenje. Mantha ndinalibe, kunena zoona. Ndinatula beseni, n'kukuwa monga ankakuwira a m'kanema, n'kuponya theche lolunjika kumaso kwake.

Kalanga ine! Munthuyo anangouwakha mwendowo m'malere ngati akugwira nkhuku. Ndinakoka, sunachoke. Ndinakokanso, iye akuseka. Kenako anangoukweza pang'ono, ine chagada phii, nkhongo pansi. Chimene chinandipulumutsa ndi belu la njinga. Anthu ogulitsa makala anatulukira pokhota msewu, iye n'kulowa m'tchire. Ndinafika kunyumba mpunga utasakanikirana ndi mchenga.

Achimwene anamvetsera nkhani yonse. Nditamaliza anandifunsa kuti, “Unafuna kum'menya pati?”

“Kumaso.”

“Chitsiru iwe. Mwendo unam'patsa wekha ngati mphatso.” Anatembenukira kwa amayi. “Amayi, mumve. Ku Bwanje sindipita mpaka mwana uyu atadziwa kuima mwendo wake uli m'manja mwa munthu.”

Amayi anangoti, “Zako izo. Ukawafotokozere wekha eni mbeta.”

Achimwenewo zinthu zimenezi anaphunzira kwa mkulu wina wopuma usilikali, amene ankaphunzitsa anyamata kuseri kwa sitolo yake. Tsopano anayamba kundiphunzitsa ine, dzuwa likapendeka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Choyamba anandiletsa matheche a m'mwamba. Ankati kanema ndi kanema, panjira umenye msongolo kapena bondo, n'kuthawa. Koma ankadziwanso mutu wanga. “Iwe ndimakudziwa, ukapsa mtima mwendowo udzakwera wokha. Ndiye tiye, ponya.”

Ndikaponya, iwo gwi pa akakolo. Thupi langa lonse linkafuna chinthu chimodzi, kubwerera m'mbuyo n'kukoka. Ndikangotero, anditchera ndale pa mwendo wotsalawo, ine pansi.

“Ukuthawira kuti? Mwendo wako uli kuno, iwe ukupita uko! Utsatire!”

Ankati munthu akakugwira mwendo usauwongole, chifukwa mwendo woongoka ndi mpini, aliyense atha kuunyamula. Upinde bondo, udumphire kutsogolo ndi phazi lotsalalo mpaka bondo lim'gunde pachifuwa. Manja onse awiri uwaponye kunkhongo kwake, um'kokere mutu pansi, um'lemere ndi thupi lonse. Munthu amene mutu wake wayang'ana pansi sangakunyamule. Akangofooka, ponda pansi mwamphamvu ndi mwendo wogwidwawo, um'kankhe, uliyatse liwiro.

Pakamwa n'zosavuta. Koma kulowera kwa munthu amene wakugwira, pamene mtima ukuti thawa, abale, ndi ntchito. Ndinagwa chagada, ndinagwa chammbali, tsiku lina ndinagwera pa mango owola mpaka mavu kundithamangitsa. Amayi ankaima pakhonde manja ali m'chiuno.

“Mwana wamkazi kukweza miyendo ngati tambala! Ndani adzakukwatire iwe?”

“Amene adzathe kundigwetsa,” ndinkayankha, ndikusasa fumbi.

“Ndiye ukwatiwa mawa lomwe,” achimwene ankatero, n'kuseka mpaka kugwira mtengo.

Masiku amenewo ndimawasowa, ndisaname. Kutentha kwa kwathu kuja, koti ngakhale nkhuku zimayasamula, fungo la mango akupsa, sitima ikulira patali polowera ku Golomoti, mapiri a ku Dedza atachita bii chakumadzulo. Tikatopa tinkakhala pamizu n'kumasenda mango ndi mano, achimwene akundiuza za munda wa mpunga umene apongozi awo anawalonjeza. Ine ndinkangoti “ee, ee,” osafuna kumva.

Mvula itayandikira, mauthenga anayamba kubwera kuchokera ku Bwanje. Mbande za mpunga zakula, munda ukudikira mkamwini. Amalume, amene anali nkhoswe, anabwera okha pa njinga kudzafunsa chimene chikuchedwetsa. Achimwene anangoloza ine n'kuti, “Mwanayu akadagwabe.” Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti chibadwire sanamvepo banja lochedwa chifukwa cha matheche. Ine msana unkawawa, koma mumtima ndinali ndi chimwemwe. Musaganize kuti ndinkagwera dala. Ayi ndithu, ine kugonja ndimadana nako kuyambira ndili mwana. Ndinkalimbikira ndi mtima wonse, n'kumagwa ndi mtima wonse, osaganiza kuti zinthu ziwirizi, kuima kwanga ndi kukhala kwa achimwene pakhomo, sizingayendere limodzi.

Kenako tsiku lina alamu anga, mbeta ija, anabwera okha. Anali munthu wamfupi, woseka msanga, atanyamula mpunga wonunkhira m'kathumba kudzapatsa amayi. Anakhala pamphasa, nkhani zikuyenda, mpaka nthawi yathu ija inakwana. Achimwene anafuna kuti tilekeze tsiku limenelo. Alamu anati, “Ayi, pitirizani. Ndione nawo chimene chikundisungira mwamuna.”

Ndinaponya theche loyamba, gwi, phii. Alamu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Iii, alamu anga, pepani! Koma ngati ndi chonchi, ine ndikalamba ndisanaphikire munthu.”

Mawuwo sanali achipongwe, lero ndikudziwa. Koma nthawi imeneyo magazi anandithamangira kumutu. Kundiseka ine, pakhomo pathu, munthu wodzanditengera achimwene? Ndinadzuka osasasa n'komwe fumbi.

“Gwirani,” ndinatero.

Mwendo unakwera, achimwene anauwakha monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno sindinaganize za kugwa. Ndinkangofuna kuwafika basi. Ndinapinda bondo, ndinadumpha, bondo linawagunda pachifuwa mpaka ndinamva mpweya ukutuluka. Manja anga anali kale kunkhongo kwawo. Ndinakoka mutuwo ngati ndikuthyola nthambi, ndinawalemera, anayesa kundinyamula koma analephera. Ndinamva zala zawo zikumasuka. Ndinaponda pansi, n'kuwakankha, achimwene anga aatali aja n'kukhala pansi khu, miyendo m'mwamba.

Ine ndinali chiimire.

Woyamba kululutira anali amayi, omwe aja a tambala. Alamu ankaomba m'manja. Ine ndinkazungulira mtengo ndikudzigunda pachifuwa, ndikufuula kuti, “Mwaona? Mwaona? Ndani winanso?”

Achimwene anakhalabe pansi pomwepo, akupuma movutikira, akundiyang'ana. Ankamwetulira, koma osati kuseka kwawo kuja. Kenako anatembenukira kwa alamu pamphasa paja.

“Mayi, mukawauze kwanu kuti ndikubwera. Mbande zisapitirire.”

Apo m'pamene ndinaima. Ndinapita pamene achimwene anakhala, n'kuwagwira mkono kuti adzuke.

“Achimwene, tiyeni tibwerezenso. Mwina munaterereka.”

“Sindinaterereke.”

“Kamodzi kokha. Mwina zinangochitika mwangozi.”

Anadzuka, anasasa kabudula wawo, n'kundiika dzanja pamutu monga ankachitira ndili kamwana.

“Ayi, mlongo wanga. Wakhoza.”

Ndinalira pamaso pa mlendo, kulira kwenikweni kotulutsa mamina, ndipo palibe amene anandiseka. Sabata lomwelo achimwene anamanga mphasa, khasu ndi kathumba ka zovala panjinga. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu waukulu, ndipo pobwerera ndinadutsa pa malambe paja ndekha.