Atete a ku Zumbo

A Valentino muwadziwa, aja otiwolotsa pa bwato kupita kutsidya, ku Zumbo ku Mozambiki, tikamakagula nsomba. Munthu wosayankhula, moti nthawi zina amanditopetsa. Anabwera kuno ku Feira ali kamnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anakulira pamadzi pomwepa.

Mwana wawo wamkazi anamutcha Thecla, dzina la mlongo wawo, atete ake a mwanayo monga timatchulira mlongo wa atate kuno. Paja kwathu mwana amafuna kudziwa mwini dzina lake. Thecla atayamba kufunsa, a Valentino anangoti, "Atete ako ali kutsidya, anakwatiwa." Bodza la tsiku limodzi, koma linakula pamodzi ndi mwanayo. Masau akapsa ankatola, n'kumanga m'kansalu. "Atate, mukawapatse atete." Iwo n'kulandira, nkhope ili pansi.

Loweruka lina tikukwera, tinangoona Thecla wakhala kale m'bwato, atavala diresi la kutchalitchi. Ati akukaonana ndi mwini dzina. Amuopseze, amunyengerere, awe, mwana osasuntha. Ine ndinati, "Imwe a Valentino, tiyeni, nsomba zitithera!" Sindinkadziwa kanthu.

Tili pakati, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, anasiya kupalasa.

"Thecla, atete ako kulibe."

Anafotokoza akuyang'ana madzi. Amfuti anafika m'mudzi mwawo m'mawa, anthu akupita kumunda. Anatentha nyumba, n'kupha aliyense amene anamupeza, ngakhale makanda. Mayi awo anawabereketsa mlongo wawoyo kumsana, ati thamangira kumtsinje. Mwana ankalemera, ankaliranso, ndipo mfuti zinkamveka pafupi. Anamutsitsa m'bango, n'kumuuza kuti abweranso. Sanabwerere.

"Ndinali mwana ngati iwe," anatero. "Koma ndinamusiya ndine. Ndipo ndakunamiza ndine."

Mayo ine! Mtima unandiwawa. Madzi anayamba kutikokera kumunsi, koma palibe anadandaula.

Thecla sanalire. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa.

"Atate, akabweranso amfutiwo, ine mudzandisiya?"

Ndinafuna kuwayankhira, kuti iwe, atate ako sangatero. Koma a Valentino anayankha okha. Kumunamiza kachiwiri sakanatha.

"Panopo ndine wamkulu, mwanangu. Ndikhoza kukunyamula mpaka kumtsinje. Koma tsiku lija nanenso ndinkati ndikhoza."

Mwanayo ananyamuka pamene anakhala, nadzakhala pafupi ndi ine.