Madzi Amene Maness Anakana Kutaya

Mvula ikayamba, Maness Chapotera sakhazikika. Ndiye ku Glasgow kuno mvula imagwa ngati inalembedwa ntchito, choncho mayiyu watha zaka khumi ndi chimodzi osakhazikika. Amasamalira okalamba ku Springburn, koma akangomva madontho pawindo, supuni ya phala ili m'manja, mtima umathamangira panja kukatchera ndowa. Anakulira ku Balaka, kumene madzi otsika padenga sawalola kufika pansi. Kuno amangoyenderera m'misewu, anthu n'kumawatukwana, ndipo iyeyo zimamupweteka.

Atadikira zaka zisanu anamupatsa kadimba pa maploti a kuseri kwa njanji. Anadzalamo njere za maungu zochokera m'munda wa malemu mayi ake, malovu a nkhwani atadzaza kale m'kamwa. Chaka chomwecho mvula inamuchita chipongwe. Dzuwa linawomba Meyi yense, mpopi wa pamaplotipo uli kutali, iye ali pa mashifiti ataliatali. Maunguwo anafota asanayange. Mu envelopu munatsala njere zisanu ndi zinayi zokha, ndipo munda wa ku Balaka uja achibale anagulitsa kalekale. Njerezi zikafa, mbewu ya mayi ake yathera pomwepo.

Apa m'pamene anaganiza za thanki. Masabata atatu sanalankhule nkhani ina. M'basi maso pafoni, kutchalitchi kufunsa aliyense, kusitolo kupita kawiri n'kubwerako chimanjamanja. Timathanki towonda tobiriwira tomwe anthu akuno amakonda ankatiseka, akuti madzi ake sangakwane n'kusambitsa mwana yemwe. Mapeto ake anapeza chithanki chakale cha pulasitiki yolimba, chachitali kumufika m'mapewa, chimene munthu wina ku Dennistoun ankafuna kutaya.

Anamuthandiza kuchiika ndi a Hamilton, mkulu wa dimba loyandikana ndi lake, amene anapuma pa ntchito yokonza sitima. Mkuluyu ntchito amaigwira mofatsa ngati akusenda dzira, pamene Maness ankafuna zonse zithe mvula ya Lachinayi isanagwe. Anasalaza pansi, nayala mabuloko kuti thanki ikwere, ndowa izilowa pansi pa mpopi. Anakhoma ngalande m'mphepete mwa denga la kashedi kosungiramo zipangizo, nadula paipi, naika sefa yotchinga masamba. Mkulu uja akati apume amwe tiyi, Maness anali atamugwiritsa kale sowo m'manja.

Thanki inadzaza m'masabata awiri. Maness ankadutsirako asanapite kuntchito, n'kuigogoda ndi chala kuti amve kulemera kwake. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno, mvula inkagwa iye n'kumamwetulira.

Novembala atafika, a Hamilton anamuuza kuti atsegule mpopi, madzi onse atayike. Anafotokoza kuti madzi akauma ndi chisanu amatupa, ndipo pulasitiki yakale ngati iyi siingapirire. Anati pofika Malichi thanki idzakhala itadzazanso yokha. Maness anavomera mwaulemu, monga amavomerera akulu, koma mumtima anati mkuluyu ludzu saliziwa. Munthu wanzeru zake amasunga madzi a dzinja kudikira chilimwe, sataya ali m'manja chifukwa chokhulupirira mitambo. Kawiri konse anagwira mpopiwo, dzanja n'kukana. M'malo mwake anafunditsa thankiyo bulangete lakale, namangirira chivundikiro ndi waya.

Chisanu choopsa chinabwera mu Januwale, masiku asanu ndi limodzi osalekeza. Sabata imeneyo Maness ankazungulirazungulira m'nyumba, kutsegula windo, kutseka, kuyang'ana foni. Loweruka m'mawa analephera kupirira, nakwera basi kupita kudimba.

Thankiyo anaiona ali pageti. Thanki inali itang'ambika kuchokera pakamwa mpaka pansi, mpopi utathothoka, bulangete litauma gwa. M'kati munaima chimwala cha ayezi, ndipo zidutswa zake zinali mbwee pamabuloko, zina zitayamba kusungunuka n'kulowa m'dothi. Manyazi anamugwira, ndi mkwiyo womwe, pozindikira kuti zaka zonsezi dziko lino sanalidziwebe.

Sanaime nthawi yaitali. Anatulutsa ndowa m'kashedi, nagwada, nayamba kutola zidutswazo ndi manja opanda magolovesi. Zala zinafiira, kenako zinachita dzanzi, iye osaleka.

A Hamilton anamupeza ali chigwadire. Sanamukumbutse zomwe ananena mu Novembala. Anangoti thanki ina adzaipeza, njere zikadali bwinobwino mu envelopu, ndipo adzuke asanadwale.

"Siyani zimenezo, Maness," anatero mkuluyo m'Chingerezi chake chokhuthala. "Mvula ikubwera Lachitatu. Kuno siilephera."

Maness anaponya chidutswa china m'ndowa. Anayankha m'Chichewa, osadzutsa mutu, ngakhale ankadziwa kuti mkuluyo samva.

"Kwathunso ankatero, bambo. Chaka cha chilala chomwe tinaika mng'ono wanga m'manda, ankatero ndithu."

A Hamilton anamuyang'ana kanthawi. Kenako anagwada movutikira, mawondo akulira, nayamba kutola nawo.