Zaka khumi zimene a Silvester anameta

A Silvester Maliro anabadwa kawiri. Koyamba anabadwa mu 1964 ku Kasinje, mvula yoyamba itangogwa. Kachiwiri anadzibala okha mu 2012, ali pa mzere wofunsira ntchito pa depoti ina yogula mbewu pa Sharpevale. Kumeneko ankafuna onyamula matumba osapitirira zaka makumi anayi. A Silvester anali ndi 48. Anameta imvi zonse, nalembetsa kuti anabadwa mu 1974. Boma litayamba kupereka ziphaso za unzika, chaka chomwecho chinalowanso pa chiphaso.

Ankasenza chimanga m'masika, nandolo m'chilimwe, feteleza mitambo ikayamba kuda. Mwezi uliwonse ankawadula kandalama ka penshoni, kampani n'kuwonjezerapo. Ndipo Juni aliyense, mphepo yozizira ikamatsika m'mapiri, kunkabwera pepala la Chingelezi lochokera ku penshoniko. Ankawawerengera ndi mwana wawo Lufina, mphunzitsi wa kupulayimale.

Mu 2024 Lufina anakhala pakhonde n'kuloza ndi chala.

"Apa, ababa, ndi zimene zilipo lero: miliyoni imodzi ndi 400 sauzande. Apa ndi zimene akuganiza kuti zidzakhalepo mukamadzapuma mu 2034, mutakwanitsa zaka 60. Mamiliyoni asanu ndi anayi."

"Zichoka kuti zonsezo?"

"Zimaswana ngati mbuzi. Ana nawonso amaswa. Bola osatsegula khola, ndipo muzisonkhabe mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake zaka zakumapetozo ndi zimene zimabala kwambiri. Komatu n'zongoyerekeza, sanalonjeze."

Akazi awo, a Dailes, ankatongola chimanga pamphasa. Sanadzutse mutu.

"Sikisite yake iti? Inu mukwanitsa sikisite chaka chomwe chino mbewu zisanamere. Amene akumuwerengera mamiliyoniyo ndi mnyamata uja munamupanga ndi lezala."

"Amake Lufina, anthu akumva."

"Amve! Akamakuonani mukutsika pa njinga ngati nkhuku yonyowa samva? Mmene munkayamba ntchito thumba la feteleza linali zingati? Lero lili zingati? Mamiliyoni anuwo podzafika adzagula matumba oti ine ndisenze pamutu."

A Silvester anapinda pepalalo. Chiwerengero chachikulucho ankachikonda. Anali atachigawa kale m'mutu: malata, ngolo, ng'ombe ziwiri. Koma msana sunkawerenga chiphaso. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thumba la nandolo linawagwetsa pa thabwa lokwerera mu lole. Anzawo anawadzutsa akuseka. "Mwana wa fifite kugwa chonchi? Akukumanani chakudya kunyumba?" Iwo anasekako, kenako anakabisala kuseri kwa sikelo akusisita msana.

Kukhala chete kunali kusenza zaka zina khumi. Kuulula kunali kutaya chiwerengero chija, mwinanso kutchedwa wabodza pamaso pa abwana. Anayenda nazo mumtima mpaka mitengo ya mango inayamba kugwetsa zipatso.

Tsiku lina m'mawa a Dailes anatsegula sutikesi, natulutsa khadi la ubatizo lofiirira ndi ukalamba. Analiika m'thumba la malaya a amuna awo.

"Mukampatse Edson. Mukabwera nalo osalionetsa, mudzadzithowa nokha msanawo."

Edson anali kalaliki wa pa depoti, msinkhu wa Lufina. Analitembenuza khadilo kawiri.

"Madala, ndiye kuti ndinu akulu kuposa bambo anga? Ine n'kumakutumani matumba a makilo fifite!"

"Ndiwerengere, mwanawe. Ndikapuma pano ndipeza zingati?"

"Sizophweka. Mukayambe mwakonzetsa chiphaso kuboma ku Ntcheu. Kukafunika makalata, mboni, maulendo mwina atatu. Kenako tilembere a penshoni. Abwananso ndiyenera kuwauza."

"Auze. Zingati?"

Edson anadinadina pa foni, nawalozera.

"Zimene zilipozi basi, ndi kakuwonjezera ka miyezi ingapo. Miliyoni imodzi ndi theka, kapena kupitirira pang'ono."

"Nanga zisanu ndi zinayi zija zapita kuti?"

"Sizinapite, madala. Kunalibe. Zinali za munthu wa zaka fifite woti asenzabe mpaka 2034."

A Silvester anayang'ana panja. Lole ya feteleza inali italowa, mitambo itaunjikana cha ku Mlangeni. Kapitawo ankaitana mayina, ndipo anafika pa lawo.

"Maliro! Maliro ali kuti?"

Anavula chisanza chimene ankaika paphewa posenza, nachiika pa tebulo pambali pa khadi.

"Akuitana wa 1974 uja," anatero. "Ukamuona umpatse ichi. Ndalama ndi zake, matumbanso akhale ake. Ine undilembere kalata yopita nayo kuboma."

Edson anatenga cholembera. "Chaka chobadwa?"

"1964. Ulembe mooneka bwino."