Azakhali anga sanasowe, ali pakhonde

Lachiwiri ndinali pamsewu ku Dambe ndikusoka matumba a mbatatesi pomwe foni inalira. Anali Yamikani, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku sukulu ya udokotala. Iye anamaliza, pano ndi dokotala mumzinda. Ine ndinalephera mayeso kawiri m'chaka chachitatu, nandionetsa msana wa njira.

"Aise, tandiuza," anatero. "Mayi aja a chotupa cha pakhosi aja ali moyo?"

Ndinamukumbutsa kuti mayi ajawo ndi azakhali anga, ndipo dzina ali nalo, ndi aNachisale.

"Eya, omwewo. Pepala langa lija a magazini ya madokotala alibweza. Akuti ndiwonjezere kuti wodwalayo zinamuthera bwanji. Lachisanu ndikutumiza mafomu a maphunziro a ukatswiri wa opaleshoni, ndipo popanda pepala losindikizidwa sakuyang'ana n'komwe. Ndithandize, mbale wanga."

Mwamva? Zinamuthera bwanji.

Chaka chatha Yamikani anabwera kuno masabata awiri kudzasaka nkhani yoti alembe. Ndine ndinamutengera kwa azakhali, ndikudzimva ngati ndabweretsa chipatala pakhomo. Anawajambula kutsogolo ndi m'mbali, nayeza chotupacho ndi tepi ngati telala. Kenako anatulutsa fomu yoti avomereze. Ndinawawerengera ndine. Fomuyo sinaname: inanena kuti ndi kafukufuku chabe, palibe thandizo lililonse. Azakhali anagwedeza mutu, ine ndinagwira kabokosi ka inki, iwo nadinda chala.

Wa mumzinda sangadziwe izi, koma ine ndinayenera kudziwa. Kwathu kuno chala sichidindidwa pachabe. Ukadinda ndiye kuti walowa m'kaundula. Makuponi a feteleza timadinda, chimanga cha njala timadinda, ngakhale neti ya udzudzu. Zolembedwa pamwamba pa fomu palibe amazimvera. Umadinda, n'kubwerera kunyumba kukadikira kuti dzina lituluke.

Nthawi imeneyo azakhali anali ndi kalata yochokera kwa adokotala a pachipatala chathu, yowatumiza ku chipatala chachikulu. Anaipinda, naiika m'buku lawo la kuchipatala. "Ndikavutikirenji pamzere," anatero, "pomwe ndalembetsa kale kwa adokotala a m'tauni? Andiitana."

Yatha miyezi khumi ndi umodzi. Chotupa chakula. Mawu awo asasa, akamapuma mumamveka kalikhweru, ndipo akagona chagada amabanika.

Musati sindinawauze. Ndinawauza kangapo kuti kulibe kaundula, kulibe wowaitana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe unathawa sukulu," anatero. "Za madokotala uzidziwira kuti? Pita kasoke matumba ako."

Ndiye Lachiwiri lija ndinamuuza Yamikani kuti yankho lake ndimupatsa, koma ayambe walankhula nawo pafoni. Mphindi ziwiri zokha. Awauze ndi pakamwa pake kuti asadikirenso, atenge kalata ija apite. Mawu a munthu wovala gauni yoyera angawamve.

"Ndili mu wodi, aise. Ndiimbanso."

Ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti mnyamatayu ndi wansanje, zinamukanika. Nsanje ilipo, sindikana. Koma nsanje yanga si imene yakulitsa chotupa cha azakhali.

Ndipo Yamikani si mfiti. Ndinamuona akulira tsiku loyamba limene mwana anamwalira m'manja mwake. Amene ndikulimbana nawo ndi akuluakulu amene amakhala pa tebulo kusankha woti akaphunzire ukatswiri. Iwo amawerenga mapepala ngati mayi wowerenga mazira pansi pa nkhuku. Uyu ali ndi anayi, alowe. Uyu alibe, abwerere. Kodi amafunsa kuti pepalalo linasintha chiyani kwa munthu amene ali pachithunzipo? Kodi amaliwerenga n'komwe?

Zotsatira zake mukuziona nokha. Dokotala wachinyamata akalowa m'mudzi maso ake sali pa agogo a matenda othamanga magazi, chifukwa amenewo ndi ambiri, salembeka. Akufuna chachilendo, chachikulu, chojambulika bwino. Ife a kumapiri kuno tasanduka dimba lothyolako ndiwo. Ku Ligowe kuli amayi amene afunsidwa mafunso omwewo kambirimbiri moti amayankha funso lisanathe. Mumaphikira nkhuni? Inde. Madzi mumatunga kuti? Pamjigo. Dindani apa.

Pepala la Yamikani ndinaliona. Pali mayina asanu ndi awiri. Mwa anthu amenewo, amene anapondapo fumbi la ku Dambe ndi mmodzi. Enawo ndi mabwana ake ndi anzake amene nawonso akufuna malo, ndipo mawa iwo akalemba lawo adzamuikamo iye. Chipereganyu. Kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, akuthokoza "anthu a m'deralo". Zikomo kwambiri, mabwana, talandira.

Kafukufuku sindikumuda. Mankhwala amene amachiza mwana wanu malungo sanagwe kumwamba. Koma kufufuza chifukwa pali funso lokusowetsa mtendere n'kwina, kufufuza chifukwa pafomu pali mpata woti udzaze n'kwinanso. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame sakusiyira inki pachala.

Lachitatu foni sinalire. Lachinayi ndinaimba ndine, sanayankhe. Lachisanu m'mawa unalowa uthenga: "Usavutikenso aise. Ndalemba kuti wodwalayo sitinamupezenso. A magazini avomera."

Sitinamupezenso. Munthu amene sanachoke pakhonde lake chaka chonse, poopa kuti angabwere kudzamuitana iye atapita kumunda.

Ndiye ndachita chimene sukulu sinandiphunzitse. Dzulo ndinapita kwa azakhali foni ili m'manja.

"Azakhali, adokotala aja aimba. Dzina lanu latuluka. Akuti Lolemba mufike ku chipatala chachikulu ndi kalata ija."

Anaomba m'manja, mawu osatuluka bwino. "Si ndinkakuuza iwe? Anthu ophunzira saiwala munthu."

Achapa kale chitenje chawo cha ku tchalitchi. Njinga yamoto yotifikitsa pa Lisungwi ndapangana nayo, minibasi tikakwerera pomwepo. Ngati tachedwa kapena ayi, akanena ndi a opaleshoni, ine sindidziwa.

Inu amene mukhale pa tebulo kuwerenga mafomu a Yamikani, mukafika pa mzere wonena kuti wodwalayo sanapezekenso, pali mmodzi mwa inu amene adzadzutse mutu n'kumufunsa kuti, "Kodi munamufunafuna?"